Phewa la a Thovu

Telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo anasokera munthu mmodzi masuti kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ukamufunsa za moyo wake amayambira pomwepo, ngati kuti asanakumane ndi munthuyo sankadya. Munthuyo anali mwini fakitale ya sopo, uja tauni yonse inkamutcha a Thovu.

A Thovu anafika koyamba pakhondepo alibe ndi njinga yomwe. Masiku amenewo ankaphika sopo mumgolo kuseri kwa nyumba ya lendi, n'kumagulitsa khomo ndi khomo, thumba lili paphewa la kumanja. Zaka khumi za thumba zinalitsitsa phewalo. Telala atayeza anapeza kuti latsika zala zitatu, n'chifukwa chake jekete iliyonse inkawapendekera ngati denga la khola.

"Lolemba ndikukaonana ndi akuluakulu, achimwene," anatero a Thovu. "Akandione ngati munthu, osati bulu."

Telala anasoka kamtsamiro ka thonje n'kukabisa m'kati mwa phewa la jekete. Ee, munthu anawongoka! A Thovu anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali, kenako anati, "Izi zithere pakhonde pano." Telala analonjeza.

Fakitale inakula, antchito anafika mazana anayi, zithunzi zinayamba kutuluka m'nyuzipepala, ndipo pa zonsezo mapewa anali ndendende. Telala sanauze munthu, ngakhale mkazi wake amene. Kachinsinsi kameneka ankakanyadira kuposa ana ake, ndipo anawo amadandaula mpaka lero.

A Thovu atamwalira, mwana wawo wachisamba anaimika chifanizo cha mkuwa pageti la fakitale. Wosula anaonera zithunzi zija, ndiye mukudziwa kale mmene mapewa anatulukira. Tsiku lovundukula chifanizocho mwanayo analankhula ola lathunthu, ati bambo ake anabadwa ndi mutu wa bizinesi. Za mgolo ndi thumba, zii.

M'mawa mwake mayi amasiye, akazi a malemuyo, anatulukira pakhonde paja n'kukhala pabenchi la makasitomala.

"Atelala, amene aimika pageti uja si mwamuna wanga," anatero. "Wanga ine ndinkamuthowa phewa ndi madzi otentha. Ndikauza adzukulu kuti agogo awo ankasenza thumba amandiseka, ati ukalamba wandisokoneza mutu. Mwana wanga yemwe akuti ndisamachititse banja manyazi. Zandiwawa. Inu mukudziwa zoona, mukanene."

Telala anazungulira mutu. Lonjezo analipereka kwa munthu amene tsopano sangalibweze, koma apa mayi wamoyo akusanduka wabodza m'nyumba yake yomwe, ndipo wabodza weniweni ndi singano yake. Masiku atatu makina anangoti duu.

Tsiku lachinayi anakoleka tepi m'khosi n'kupita kunyumba ya a Thovu. Anapeza banja lonse pabalaza.

"Ine ndinalonjeza kuti sindidzanena kanthu, ndipo sindinena," anatero. "Koma kuyeza ndi ntchito yanga. Mayi, tatulutsani jekete ya malemu. Bwana, tavalani, ndione ngati ingakukwaneni."

Mwana wachisamba uja, amene anatenga msinkhu wa bambo ake koma sanasenzepo chinthu cholemera kuposa foni, anavala monyinyirika. Phewa la kumanzere linakhala bwinobwino. La kumanja linatumphuka n'kuloza kukhutu. Adzukulu anayamba kuseka, kenako mmodzimmodzi analeka.

Telala anaika zala zake pamenepo. Zitatu ndendende. Anapinda tepi yake n'kukhala pansi.

Mwanayo anapisa dzanja m'kati mwa jekete n'kukhudza kamtsamiro kaja, kolimba ndi thukuta la zaka.

"Amayi," anatero, mawu ali pansi, "thumbalo linkalemera bwanji?"