Mapazi Asanu ndi Anayi Kuchokera Pamafuta

M'mawa uliwonse, nkhuku zisanatsike m'mitengo, a Evaristo Moniz ankatenga chigoba cha kokonati, kabotolo ndi koloboyi wa chitini cha nsomba, n'kutsetsereka kumunda. Kumunsi kwa mundawo, kunja kwa tauni ya Suai, kunali pamalo pamene nthaka inkachita thukuta lakuda. Mafutawo ankayandama pakathaphwi, akununkha ngati phula la pamsewu dzuwa likaswa mtengo. Ankawayengula ndi chigoba chija, kusefa pakasanza, kuthira m'botolo. Akatero ankafulatira nyanja n'kuwerenga mapazi asanu ndi anayi kulowera kumapiri. Pomwe phazi lomaliza laponda ankanjuta, kuyatsa koloboyi, n'kunena mawu omwewo tsiku ndi tsiku:

"Benvinda, kwacha. Tilipo."

Ankadikira mpaka chingwe chitayamba kuchita mwaye, kenako n'kuzimitsa ndi zala, n'kubwerera naye koloboyiyo kunyumba kuopa mbuzi.

Benvinda anali mkazi wawo. Anafa chaka cha voti yofuna ufulu wodzilamulira, mwezi umene asilikali ndi zigawenga zawo ankatentha nyumba ponseponse. Banjali linkathawira kumapiri pamene chipolopolo chinamupeza m'chiuno. A Evaristo anam'bereka mpaka kumundaku, mwana wawo Calisto, wa zaka zinayi, akuwagwira kabudula. Benvinda anatsirizikira pomwepo. A Evaristo anakumba ndi chikwanje, kumukulunga m'tais yake yofiira, nsalu imene anailuka yekha akali namwali, n'kukwirira. Pamwamba anawazapo masamba kuti pasaoneke. Chizindikiro anangosunga kumutu: mapazi asanu ndi anayi kuchokera pamafuta.

Atabwerako kumapiri anazikapo mtanda wamtengo. Madzi osefukira anautenga. Anawerenganso mapazi, kuzika wina, chiswe n'kudya. Wachitatu unapsa ndi moto wa m'munda. Atatopa anangosiya, amvekere miyendo yanga ndiyo mtanda.

Anzawo ambiri anafukula abale awo n'kukawaika kumanda a tchalitchi. Koma kufukula munthu si kukumba chinangwa. Pamafunika kuitana akuchikazi onse, njati yoweta, nkhumba, mpunga wodyetsa khamu sabata yathunthu. A Evaristo ankati chaka chamawa. Chaka chamawacho chinafika kokwana makumi awiri ndi kawiri.

Amene sankawapatsa mpumulo anali a Luzia, mkulu wake wa malemu, amene ankawatchula kuti Mana, kutanthauza achemwali aakulu, ogulitsa bua, timtedza totafuna tofiiritsa m'kamwa, m'mbali mwa msewu, milomo ili psuu ndi kutafuna.

"Alamu, mwakam'fukizanso m'bale wanga? Munam'tenga kwathu ali woyera ngati mkati mwa kokonati. Pano ndithu ali bii ngati mphika."

"Mana, inu mukanakhala naye chisoni bwenzi mutandipatsa nkhumba yanu ija."

"Nkhumba yanga? Pemphani boma. Si akuti tonse ndife olemera, tagonera mafuta?"

Nkhani ya mafutayi inali itakalamba m'makutu mwa anthu. Chiyambire ufulu ankangomva kuti chuma chili pansi pa nyanja, kenako ati chili pansi pa mapazi awo. Kunabwera msewu waukulu wa mizere inayi, koma magalimoto ake osaoneka, mpaka amayi anayamba kuyanikapo chimanga. Achinyamata anapitiriza kulembetsa maina kuti akathyole zipatso ku Australia. Naye Calisto anali atalembetsa, ngakhale mkazi wake anali ndi khanda la miyezi itatu.

Kenako chilimwe china kunafikadi anthu a kampani yoboola pansi, atanyamula zikhomo ndi penti. Wowalankhulira anali bambo wina wa ku Dili, likulu la dzikolo, a Duarte, wa nsapato zodzaza fumbi ndi maso a munthu wosagona mokwanira. Anafotokoza kuti makina adzaima m'minda isanu, ndipo banja lililonse lopereka munda lidzalowetsa munthu mmodzi ntchito. Anzawo anayi anali atadinda kale chala. Panatsala a Evaristo, amene a Duarte anawaitana kuti Tiu, mawu aulemu oitanira achikulire.

"Tiu, ndamva kuti muli manda muno. Ali pati?"

"Mwapondapo."

A Duarte anadumphira kumbali ngati aponda khala la moto. Anayang'ana pansi: mapesi ndi ndowe za mbuzi basi.

"Pepani, Tiu. Papepala langa manda ndi amene ali ndi simenti kapena mtanda."

"Ndiye kuti mkazi wanga sanafe?"

Mlendoyo anavula chipewa n'kudzipukuta pamphumi. Anati awapatsa masabata atatu. Bokosi, nkhumba ndi mpunga kampani ithandiza. Akatha masabatawo makina alowa, kapena akakana, makinawo akhotera m'munda wa wina ndipo ntchito ipita komweko.

"Nanga mafutawo mukawapeza, ife tidzaona chiyani?"

"Tiu, ndikunamizeni? Mwina tiboola n'kupeza madzi amchere okhaokha. Zimachitika."

Madzulo ake akudya chimanga chophika ndi maungu, Calisto sanakweze maso m'mbale.

"Apa, bambo anga, ine sindikukukakamizani. Koma mukakana, ine ndi wa ku Australia. Mwanayu adzayamba kuyenda ine kulibe."

"Ndamva."

"Komanso amayi akagona pabwino, pafupi ndi anzawo."

"Ndati ndamva, Calisto."

Tsiku lofukula akuchikazi anabwera ndi nsalu zakuda. Anapha tambala, kuika bua ndi masamba ake m'kadengu, kumuuza Benvinda kuti asadzidzimuke, abale ake ndi amene akugogoda. A Evaristo anapita pakathaphwi, kufulatira nyanja, kuwerenga mokweza kuti onse amve. Pa chisanu ndi chinayi anagunditsa chidendene.

"Apa."

Anakumba kufika m'mawondo, kenako m'chiuno. A Evaristo anati sindinazamitse chotere, ndinali ndi chikwanje chokha. Anakumbabe mpaka m'chifuwa, pansi n'kuyamba kutuluka madzi akuda. Munalibe fupa, munalibe ulusi. Anakuza dzenje cha kumanja, anakuza cha kumanzere. Tsiku lachitatu pamalopo panali ngati pofukula nkhumba, anthu akungokumba osayankhulana.

A Luzia anali atakhala pamthunzi masiku onsewo, nthabwala zitauma. Tsikulo analavula bua, n'kuitana motsitsa mawu.

"Alamu, tabwerani. Chaka chija munabwera nane kuno koyamba, tinakhala patsinde pa bwemba, mafuta akutuluka m'mizu yake. Ndikukumbuka chifukwa anandidetsera nsalu. Bwembayo ali kuti?"

"Anagwa kalekale. Chitsa tinatentha."

"Anali apa?"

A Evaristo anayang'ana kathaphwi, anayang'ana kumtunda. Bwemba uja sanali kumunsi kuno ayi. Anali cha pakati pa munda, pomwe ankaonera denga la tchalitchi. Apa denga silinkaoneka.

Anakhala pansi pa dothi lofukulalo. Mafuta aja sanali pamalo amodzi ngati mwala. Dzinja lililonse nthaka ikanyowa n'kutsetsereka, diso lakale linkatsekeka, lina n'kutseguka cha kumunsi pang'ono. Chaka chino dzanja limodzi, chaka china phazi lathunthu. Munthu wobwera tsiku lililonse sakanaona. Iwo ankangotsata fungo, n'kuwerenga mapazi awo mokhulupirika, kumuyatsira nyale Benvinda pamalo pomwe sanagonepo.

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikupatsa moni mapesi," anatero.

Palibe anaseka, ngakhale a Luzia amene.

Anayesa kufuna pomwe panali bwemba. Wina ankati apa, wina ankati uko, kusiyana kwake mapazi makumi awiri. Anakumba maenje ena anayi. Mpunga unatha, akuchikazi anayamba kutsanzika mmodzimmodzi, ali ndi minda yawo yowadikira. Masabata atatu aja anatsala masiku awiri.

Mwambo wake ulipo, ndipo nkhondo inauzoloweretsa anthu. Munthu akasowa mtembo, abale amapita pomwe anaonekera komaliza, kutola mwala, kuuitana dzina lake, kuukulunga m'tais n'kuuika m'manda ngati mwini wake. A Evaristo anaperekezapo miyala yambiri yotere, ya anthu otayidwa m'nyanja ndi otengedwa pagalimoto osabwerera. A Luzia ndi amene analimba mtima kuwauza.

"Alamu, tolani mwala."

"Mwala ndi wa osowa, Mana. Benvinda sanasowe. Ndinamuika ndi manja angawa."

"Manja anu omwewo ndi amene amutaya. Tolani mwala, mwanayu agwire ntchito. Kapena mufuna mutaye awiri, wina pansi, wina kutsidya kwa nyanja?"

A Evaristo anayang'ana mpongozi wawo amene ankayamwitsa khanda kuseri kwa mulu wa dothi, nkhope atabisa. Kenako anadzuka, kukwera mpaka pomwe denga la tchalitchi linayamba kuoneka, n'kutola mwala wosalala wokwana m'manja awiri. Anautchula dzina kamodzi kokha, mawu osamveka bwino. Mawa lake anadinda chala papepala la a Duarte, inki n'kusakanikirana ndi mafuta amene sankachoka m'zikhadabo zawo.

Bokosi linali lopepuka moti analinyamula anthu awiri. Wansembe anapemphera, simenti anaika, dzina analemba bwinobwino. A Evaristo anapitako tsiku loikalo basi. Ankati makandulo a m'sitolo sanunkha kanthu, Benvinda sangadziwe kuti ndi iwo.

Munda anauzinga ndi waya. Pachipata anaikapo mlonda ndi chikwangwani choletsa moto, ndiye za koloboyi zinathera pomwepo. M'mawa a Evaristo ankadzukabe nthawi yomwe ija, n'kukhala pakhonde ndi khofi wozizira, chigoba cha kokonati chili pambali. Kudya kunayamba kuchepa. Akafunsidwa chikuwawa n'chiyani, ankati palibe, kutopa chabe. Anamwalira mvula yoyamba itangogwa, nsanja yachitsulo itaima kale m'munda mwawo, anthu asanamve ngati pansipo papezeka mafuta kapena madzi amchere. Pomwe ankaganizira kuti panali bwemba a kampani anathirapo miyala n'kupsinja ndi makina, osaona kalikonse.

Calisto akamakamba za bambo ake amayambira pa tsiku lake loyamba la ntchito, chifukwa kuchokera tsikulo bambowo sanapemphenso kanthu kwa munthu aliyense, ngakhale madzi akumwa. Ntchito yomwe anam'patsa inali yoyenda kutsogolo kwa chimakina chokankha dothi, atanyamula kambendera, kuti woyendetsa aziona poyenera kuima. M'mawa umenewo anatuluka atavala chisoti choyera ndi nsapato zazikulu zomukhwepa. A Luzia anali pamsewu kuyala bua wawo.

"Taonani bwana wa mafuta! Ukalemera usatiiwale ife amilomo yofiira."

Bambo ake anamuitana ndi dzanja. Anamukonza lamba wa chisoti pachibwano ngati akumuveka mwana wopita kusukulu, n'kugwira ndodo ya kambendera kaja, kuiyeza kulemera kwake.

"Ukakweza aka, chimaimadi?"

"Chimaima, Apa."

"Ngakhale bwana atakwiya?"

"Lamulo lake ndi lomwelo."

Bambowo anagwedeza mutu, n'kumubwezera kambenderako.

"Ndiye uziyenda pang'onopang'ono, maso pansi. Ukaona kansalu kofiira, ngakhale kachidutswa ngati chala changachi, ukweze. Akakufunsa chifukwa, uwauze kuti ndi amayi ako."