Nsalu Yochokera ku Joni

Ndinkasoka zovala pakhonde la nyumba ya lendi ku Mogoditshane, m'dziko la Atswana, pamene bambo ena a kwathu ku Ntcheu, aphunzitsi a sayansi, anabwera ndi nsalu yotamuka ndi mkombero waukulu wachitsulo. Ankafuna ndiikunge ngati ng'oma. Anaika mwala pakati, nsalu inalowa pansi, ndipo timipira timene anagubuduzapo tinayamba kuzungulira dzenjelo. Anati umu ndi mmene dzuwa limagwirira dziko lathu. Anatinso nyenyezi ziwiri zolemera zikamazungulirana, mlengalenga mumayenda mafunde, ndipo akatswiri ankamanga makina oti awamve, aone ngati chiphunzitsocho n'choona.

Pansalu yathu mafundewo ankakana kuoneka. Ndinasoka n'kumasula kanayi, makasitomala akundidandaula, mpaka ndinazindikira kuti nsaluyo inkatamuka kwambiri mbali imodzi. Nditaikunga moganizira zimenezo, timayendetsa miyala iwiri pakati, mafunde n'kumafika mpaka kumkombero. Bambowo anandigwira dzanja nati, "Achimwene, tsiku la chionetsero cha sayansi kusukulu kwathu mudzaime pambali panga."

Ndinapita nditavala jekete. Mayi wina wa Chitswana anafunsa aphunzitsiwo kumene anapeza chida chokongola chotero. Ine ndili chiimire pomwepo, iwo anayankha m'Chingerezi kuti anaitanitsa ku Joni. Kenako ananditembenukira nati, "Achimwene, tathandizani kunyamula mipando."

Mipando ndinanyamula. Podutsa ndinayang'ana m'mphepete mwa nsaluyo. Ulusi wobiriwira, umene ndinamalizira wakuda utandithera, unali pomwepo. Kani ku Joni nakonso ulusi wakuda umawathera.