Nthambi ndinaiika pa njira yolakwika

Lolemba lapitali ndinakumana ndi Esinati Mbewe pamsika wa pa boma. Mwanayu ndinamuphunzitsa giredi seveni, ndipo pano ndi namwino kutsidya kwa nyanja. Anali atavala duku lakuda. Bambo ake, a Mbewe a ku Zingalume, tinawaika m'manda masabata asanu apitawo, iye palibe.

Titapatsana moni, anafunsa motsitsa mawu.

"Aphunzitsi, tsamba lanu lija linkandinamiziranji? Lachinayi lililonse ndinkalitsegula, ndipo linkati atate ali bwino, akukumba mtedza."

Ndinangoti, "Pepa mwananga," ngati kuti pepa amadzutsa munthu.

Kwa inu amene simudziwa, tili ndi kawebusaiti ka ana a Chadiza okhala kutali. Anakayambitsa mlendo wina amene tinkaphunzitsa naye, ndipo pochoka anandisiyira ine. Kuno intaneti kulibe, choncho Loweruka lililonse ndimakwera minibasi kupita ku Chipata, ku ofesi ya amayi Tembo, kumene kuli kompyuta yolumikizidwa ku lamya. Ndimalembapo za kumudzi: uje wakwatira, uje wadwala, uje watisiya.

A Mbewe atadwala, ang'ono awo anapalasa njinga mpaka kusukulu. "Aphunzitsi, kalata imachedwa. Ikani pamakina anu aja, mwana amve msanga." Ndinaika. Atamwalira ndinaikanso. Esinati anangoti zii, ndipo pamaliro ena ankanong'onezana kuti mwanayo wasanduka mzungu. Ine ndinamva, koma sindinamuikire kumbuyo. Uthenga anadzaumva pa kalata yomwe ija tinkaiderera.

Lachitatu ndinapempha chilolezo kusukulu n'kuthamangira ku Chipata. Ndinatsegula webusaiti, ndikuona zonse zili m'malo, uthenga wa maliro uli poyera. Ndinalowa patsamba loyendetsera zinthu, pamene mwini amasinthira makonzedwe a seva, makina aja osunga masamba athu. Ndinafufuza uku ndi uku mpaka maso kuwawa, osapeza cholakwa.

Amayi Tembo, amene ankandiyang'ana pambali, anati, "Inu aphunzitsi mumalowera khomo lakumaso nthawi zonse. Nanga mwanayo amalowera pati?"

Ndinatulutsa kapepala kamene Esinati anandilembera pamsika paja, ka adiresi yakale imene anaisunga pakompyuta ya kuntchito kwake. Nditailemba, tsamba la nthawi yokolola linatseguka. A Mbewe anali amoyo, akukumba mtedza, akupereka moni kwa mwana wawo.

Mukudziwa zimene timachita tikatsogola pa ulendo. Pa mphambano timaika nthambi pa njira imene sitinadzere, kuti wobwera m'mbuyo asasochere. Seva nayo ili ndi malamulo otere, ouza mlendo wofika pa adiresi yakale kuti akhotere kuti. Mwezi wa Juni ndinasamutsa masamba pofuna kuti pakhale paudongo, n'kulemba lamulo lotero. M'malo molozera ku uthenga watsopano, ndinalozera kumene ndimasunga masamba akale. Mzere umodzi wokha. Ndipo sindinayesepo kudzera njira yakaleyo ngakhale kamodzi.

Seva imalemba aliyense wofika. Ndinatsegula kaundula wakeyo, ndipo ndikanakonda ndikanapanda kutsegula. Lachinayi lililonse munthu mmodzi wa kutali ankafika pa adiresi ija. Anafika sabata imene bambo ake anagonekedwa kuchipatala. Anafikanso tsiku limene tinkakumba manda. Ndinalira pamaso pa amayi Tembo, munthu wamkulu ine.

Amati safunsa adadya phula. Amene sanafunse ndine, koma amene anadya phula ndi mwana wa eni.

Makinawo sindikuwada, anachita zimene ndinawauza. Chimene chikundipweteka ndi khalidwe limene latilowa. Kale wotumidwa kukanena maliro sankangoponya mawu pabwalo n'kutembenuka. Ankakhala pansi, n'kuonetsetsa kuti eni ake amva, ndipo pobwerera ankati, "Ndawapeza, akubwera." Akapanda kubwera, ankatumidwanso wina. Masiku ano timati ndalemba, ndatumiza, ndaika, kenaka tasamba m'manja. Kalata timapatsira kondakitala wa minibasi amene sitidziwa n'dzina lomwe. Chidziwitso cha katemera timamata pakhoma la kiliniki, ngati kuti amayi a kutali ku Zemba amadutsa pamenepo popita kudimba. Munthu akapanda kuyankha, timathamangira kumuweruza kuti ndi wonyada. Ndani amafunsa ngati uthengawo unafika?

Mzere uja ndinaukonza, ndipo sizinatenge ngakhale mphindi ziwiri. Ndinayesa khomo lakumaso, ndinayesa lakale, onse akufikitsa pa uthenga wa maliro. Mawa ndikupita ku Zingalume kukanena pamaso pa abale kuti mwana wawo sanawataye, wolakwa ndine.

Dzulo ndinamuuza Esinati zonsezi. Nditamaliza, anati, "Tsamba lakale lija musafufute, aphunzitsi. Mundisindikizire papepala. Ndi pokhapo pamene atate akadandipatsa moni."

Inu amene munatumiza uthenga sabata ino, mwafunsa ngati wafika?