Denga limodzi la a Makaiko

M'chaka cha 1991, nthawi ya masika, a Makaiko anachoka kwawo ku Malosa kudzakhala chikamwini kwa a Flora, kumunsi kwa Domasi Mission. Alamu awo, a Brighton, anawalozera malo, iwo n'kumangapo kachipinda kamodzi kokha, poti mkamwini samanga yaikulu. Sadziwa tsiku limene adzauzidwe kuti anyamule zake.

Koma munthuyo sankatha kukhala pansi. Atabadwa Tisungeni pa 9 Juni 1993, anaumba njerwa n'kuphatikiza chipinda kukhoma la kum'mawa. Atabadwa anyamata, china kumpoto. Kenako khitchini. Chipinda chilichonse chinali ndi msinkhu wake, denga lake lopendekera kwake. Pamene malata ankakumana, madzi a mvula ankasonkhana n'kulowerera m'khoma lapakati.

"Bambo a Tisu," a Flora ankatero akutchera mabeseni, "kodi tikukhala m'nyumba kapena m'mashedi a pa msika wa Songani?"

"Chaka chamawa ndikonza, mayi."

A Flora anatisiya pa 14 Ogasiti 2021. Chaka chitatha, abale a malemuwo anawasudzula a Makaiko mwamwambo kuti abwerere kwawo, nyumba itsale kwa Tisungeni ndi ana ake. Iwo sananyamuke. Khoma lapakati linali litang'aluka polowa dzanja, ndipo adzukulu ankagona pansi pake.

"Alamu, mukudikira chiyani?" a Brighton anafunsa. "Kapena mwaonanso wina m'mudzi muno?"

"Ndisiyire mwana msampha? Ndiike kaye denga limodzi."

Anakaitana a Zubair, mmisiri wa ku Songani. A Zubair anazungulira nyumbayo, anakoka chingwe, n'kuseka.

"Achimwene, apa nyumba palibe. Pali zipinda zosalankhulana. Denga limodzi litheka, koma kachipinda kanu koyambaka kakukana. N'kakafupi, kopotoka, ndipo zinzake zinatengera kupotoka kwake. Kagwetsedwe, pakhale khonde."

M'kachipindamo ndi mmene a Flora anadwalira, ndi mmene a Makaiko ankagonabe. Anayamba kuyendayenda. Ku mtsinje, kubwerako, kudimba, osalima. Anakafunsa mmisiri wina, anawauza zomwezo. Anayesa kukweza khomalo okha, njerwa zinagwa dzuwa lisanapendeke.

"Ababa, kasiyeni," anatero Tisungeni. "Mabeseni alipo."

"Beseni silichirikiza khoma, mwanawe."

Chakumapeto kwa Okutobala mitambo inayamba kukhala pamwamba pa phiri la Zomba. Pa 27, Lachinayi m'mawa, a Makaiko anatulutsa mphasa ndi sutikesi yawo, anakwera makwerero n'kuyamba kuzula malata a kachipinda koyamba kaja. Anthu atafuna kuwathandiza, anakana. Njerwa zabwino anazisanja padera, zikalowe m'khoma latsopano.

Ntchito inayenda mothamanga ndi mvula. Makoma anafanana msinkhu, mtanda umodzi unadutsa kuchokera uku kufika uko. A Makaiko ankagona m'khitchini, n'kumadzuka m'mamawa kukangana ndi a Zubair za misomali.

Mvula yoyamba inagwa pa 18 Novembala. A Makaiko analowa chipinda ndi chipinda akusisita makoma, n'kutulukanso kukaona mmene madzi akutsikira. Ananyowa mpaka m'kati, osamva adzukulu akuwaitana.

Kutacha anapempha Tisungeni awamangire mphasa. Anatsanzika kwa alamu awo, nawauza kuti ngalande ya madzi ya kuseri kwa nyumba isadzakwiririke, ndipo anakakwera minibasi ya ku Malosa. Linali Loweruka, pa 19 Novembala 2022.