Misomali ya Che Amidu

Munali mu 2022, ndili ndi zaka 71. Ndinanyamuka ku Balaka Lachinayi m'mawa kupita kutsidya kwa nyanja ya Chiuta, kusadaka ya mlongo wanga. Mpunga wodyetsa anthu unali udindo wanga. Mpungawo ukapanda kufika, manyazi anali anga.

Minibasi yokafika ku Liwonde inandidya K2,000. Pa Nsanama ndinagula matumba awiri a mpunga. Pa Nselema ndinadya chinangwa chophika ndi tiyi. Wa njinga yamoto anamanga matumba kumbuyo, ine pakati ngati katundu wachitatu, mpaka kudutsa Ngokwe.

Padoko tinafika dzuwa litapendeka. Boti linali la Che Amidu, munthu wonenepa, wokonda kuseka. Kale linkayenda ndi thanga. Tsopano anaikamo injini ya chigayo. Mlongoti unangoima wopanda kanthu.

"Thanga lili kuti?" ndinafunsa.

"Akuyanikirapo mpunga kunyumba, madala. Mphepo ndi ya amphawi."

Ndinasuzumira pansi. Chitsulo chachitali chozunguza pulopela chimalumikizidwa ku injini ndi mbale ziwiri zomangidwa ndi mabawuti. Apa mabawuti analipo awiri. M'mabowo enawo munali misomali yokhomera denga, yopindidwa.

"Misomali iyi?"

"Yagwira chaka chonse. Kodi inu ndinu a boma?"

Ndinakwera basi. Tinalimo asanu ndi awiri, ndi mbuzi.

Pakati pa nyanja pulopela inakola ukonde. Che Amidu anakankha injini kuti ukonde uduke. Kunamveka kuti khwa! Injini inalira yokha ngati yapenga. Misomali inali itaduka, mabawuti atathothoka. Chitsulo chija chinasolokera kumbuyo, n'kumira pamodzi ndi pulopela. Pabowo lomwe chinasiya madzi anayamba kulowa ngati pa mjigo.

Mayi wina wogulitsa chimanga chootcha anakankhira chitsononkho pabowopo, n'kupondapo ndi chidendene. Madzi anachepa, koma thumba lapansi la mpunga linali litamwa kale. Mponda, mtengo wokankhira boti, sunafike pansi. Nkhafi inalipo imodzi.

Mphepo inalipo, yolunjika kutsidya. Amayi anavula zitenje zapamwamba kuti tipange thanga, koma sizinakwane.

"Madala," anatero mayi wa chimanga, "mkanjo wanuwo ndi waukulu."

Unali woyera, watsopano, wosokera sadaka yomweyo. Ndinayang'ana thumba louma. Ndinavula.

Tinaumanga pamlongoti pamodzi ndi zitenje. Unafufuma. Boti linayenda pang'onopang'ono. Che Amidu anagwira chiwongolero, osaseka.

"Mphepo ya amphawi ija," ndinatero.

Tinakocheza dzuwa likulowa. Mawa lake mpunga unaphikidwa, thumba limodzi, alendo anadya onse ngakhale mbale sizinadzaze. Ine ndinakhala kutsogolo pafupi ndi a shehe, nditavala malaya obwereka osafika m'mikono.

Kuyambira pamenepo boti ndimaliyang'ana pansi ndisanaliyang'ane utoto.

Zotayika: pulopela imodzi ndi chitsulo chake, thumba limodzi la mpunga, mkanjo umodzi wong'ambika m'khwapa. Munthu ayi. Mbuzi ayi.