Mpando wa pa Geti

Amalume anga, alongo awo a mayi, anakalambira pa geti la fakitale yathu yosoka mayunifolomu ndi maovolosi. Dzina lawo lenileni linkatsala kunyumba. Ku ntchito aliyense ankawatchula a Loko, ndipo iwo dzinalo ankalikonda, poti loko wa getilo ankamupaka mafuta kuposa mmene ankadzolera eni ake.

Ntchito yawo inali yaing'ono, koma ankaigwira ngati dziko lonse likulowera pa geti limenelo. Belu likalira, geti latsekedwa, wochedwa abwerere kwawo. Lamuloli anaika ndi abwana, mayi amene fakitaleyo ndi yawo, koma amene analikwatira ndi amalume. Ngakhale ine, amene anandipezera okha ntchito ya pamashini, anandibwezapo. "Pano palibe umalume," anatero pa kazenera ka geti. "Umalume tikachitira kunyumba." Madzulo ake anabwera kwathu ndi sopo ndi shuga, nkhani ya geti osaitchula.

Mtima woipa analibe, izo ndingalumbire. Ankangoopa kuti akamvera nkhani ya mmodzi, mawa onse abwera ndi nkhani, ndiye anadziphunzitsa kusamva. Wochedwa akangoti, "Akulu, ndifotokoze," iwo kazenera pha! Kenako ankabwerera pa mpando wawo wa matabwa, umene tinawasokera kapilo ka zidutswa za nsalu, n'kukhala mwachifumu.

Chaka cha madzi osefukira, mvula inagwa mosapumira mpaka zovala zinayamba kununkha chinyezi m'mabokosi. M'mawa wina belu litalira, pa geti panafika a Sizasi, odula nsalu athu, munthu wamtali wanthabwala amene ankaimirira tsiku lonse pa tebulo lodulira. Ankakhala kumunsi, pafupi ndi mtsinje, ndi akazi awo, ana atatu ndi apongozi okalamba osatha kuyenda bwino. Anafika ali matope mpaka m'mawondo, ambulera alibe.

"Akulu, sindinabwere kudzalowa. Ndikufuna ndingolankhula ndi abwana, kwathu madzi…"

"Madzi ali paliponse, achimwene. Belu lalira."

Kazenera pha! Kumbuyo kwa amalume, m'bwalo la fakitale, lole ya kampani inali itaima yopanda katundu, dalaivala akugona m'kati mwake. A Sizasi anagogodanso kangapo, kenako anabwerera wapansi.

Masana mtsinje unasefukira n'kulowa m'nyumba za kumunsi. A Sizasi anatulutsa ana ndi akazi awo, n'kubwereranso kukabereka apongozi. Atangowapereka m'manja mwa anthu pakhomo, khoma lonyowa linawagwera pa mwendo. Apongozi anapulumuka. Mwendo wa a Sizasi madokotala anaudula m'munsi mwa bondo.

Abwana athu si munthu womwetulira, koma tsiku limenelo anachita zimene ena amangolonjeza. Nkhani itawapeza, anazimitsa mashini onse, n'kutumiza lole kumunsi kukatenga mabanja a antchito. Nyumba yosungira katundu inasanduka malo ogona. Makatoni a mayunifolomu tinawaunjika kukhala makoma, banja lililonse kachipinda kake. Ife a pamashini anatiuza tisiye maovolosi, tisoke zofunda ndi zidutswa za nsalu, ndipo zinatuluka zofunda zamitundu yosokonekera moti ana ankazikanganira. Malipiro sanadule kwa aliyense, ngakhale kwa amene ankangokhalira kufukula ziwiya m'matope. Bokosi la zopereka analiika pa khomo la ofesi, n'kunena kuti chilichonse chimene antchito aponyemo, kampani iwonjezera chimodzimodzi.

Pamene lole inkatsitsa anthu ulendo womaliza, abwana anaima pabwalo, tsitsi lili chonyowa, n'kufunsa mokwiya: "Koma anthu inu, bwanji palibe amene anandiuza m'mawa? Lole yakhala pano tsiku lonse!" Aliyense anayang'ana pansi. Amalume anali chapafupi, makiyi ali m'manja.

Geti linakhala chitsegulire kwa milungu ingapo, poti anthu ankalowa ndi kutuluka nthawi iliyonse. Amalume analibe chotseka. Anayamba kuchita zinthu zimene sitinawaonepo akuchita. Ankatungira madzi akazi a a Sizasi, kuwanyamulira makala, kuwakonzera chingwe choyanikira. Chakudya chimene ankabwera nacho m'kontena ankapatsa ana aja, iwo n'kumamwa madzi. Koma kuwayang'ana kumaso mayiwo, ayi. Ankasiya ndowa pakhomo la makatoni n'kuchoka msangamsanga ngati aba. Kuchipatala tonse tinapitako, kupatula iwo.

Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa kanyumba ka pa geti akupukuta loko amene anali wopukuta kale.

"Amalume, mwaonda. Mukudwala?"

"Mwanawe," anatero, osandiyang'ana, "munthu uja anabwera pano m'mawa uja. Anatchula madzi. Ine ndinatseka kazenera."

Ndinayesa zija timanena tonse, zoti simukanadziwa, zoti lamulo si lanu.

"Lamulo linati nditseke geti. Silinati nditseke makutu. Makutu ndinatseka ndekha."

Ndinawamvera chisoni, komanso ndisaname, ndinawakwiyira. Zonse ziwiri zinandigwira pamodzi.

Madzi ataphwa, kampani inagulira mabanja aja malata ndi simenti, ndipo mmodzimmodzi anabwerera kukamanga. A Sizasi anatuluka m'chipatala ndi ndodo ziwiri. Apa ndiye panali vuto. Kudula nsalu ndi ntchito ya miyendo: umaimirira, umazungulira tebulo, umaweramira kutali. Mashini athu osokera nawonso ndi opondera. Abwana ananenetsa kuti munthuyo samutaya, koma malo okhala pansi m'fakitale yonse sankaoneka. Anawayesa ku mabatani, koma zala zozolowera sizasi yaikulu zinkangomwaza mabatani pansi, ndipo a Sizasi, munthu wanthabwala uja, anasiya kuseka. Akazi awo anandinong'oneza kuti bambo akuganiza zongosiya, poti kulandira malipiro a chifundo kukuwawawa kuposa mwendo.

Ndiye m'mawa wina amalume anavala yunifolomu yawo yositasita, n'kugogoda ku ofesi. Ine ndinali pamenepo, ndikupereka zitsanzo za makolala. Anaika makiyi pa tebulo.

"Mayi, munafunsa tsiku lija kuti bwanji palibe anakuuzani. Wokuuzani anabwera. Ndinamubweza ndine."

Ndinkadikira mkuntho, koma abwana anangovula magalasi n'kutikita maso.

"Lamulo lija ndinalemba ndine, bambo," anatero motsitsa mawu. "Ndiye mukufuna ndikuchotseni?"

"Ayi, mayi. Mpando wa pa geti ndi wokhala pansi. Ine miyendo ndili nayo yonse iwiri."

Umu ndi mmene a Loko anasandukira osesa zidutswa ndi okweza makatoni mu lole, pa msinkhu umene anzawo amafuna pokhala. Tsiku lopatsirana ntchito amalume anawaonetsa a Sizasi mmene loko amavutira nthawi ya mvula, kuti kiyi umayamba wamubweza pang'ono kenako n'kupotoza. Anawasiyira botolo la mafuta ndi kapilo kaja. Ndinkaona milomo yawo ikufuna kunena zina, koma zinatuluka za loko zokhazokha. A Sizasi nawo anangoti, "Ndamva, akulu." Za m'mawa uja sanazitchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse, ndipo amalume ankati akanakonda kutukwanidwa.

Lamulo la belu abwana sanalichotse, anangowonjezera kuti wa pa geti azimva kaye chimene chachedwetsa munthu. A Sizasi ntchitoyo inawakhala. Nthabwala zinabwerera, moti ochedwa ankalowa akuseka, ena ankabwerera akusekabe, poti bodza ankaligwira msanga kuposa amalume.

Mvula ya chaka chotsatira itayamba, mawondo a amalume anali atatopa ndi makatoni. M'mawa wina tinanyamukira limodzi, ine ndikuwadikira pa chitunda chilichonse, ndipo belu linalira tili panjira. Moyo wawo wonse anali asanachedwepo. Tinafika geti lili chitsekere, mvula ikutsanuka. Amalume sanagogode. Anayang'ana getilo, n'kutembenuka kuti azibwerera.

Kazenera kanatseguka.

"Akulu," anaitana a Sizasi, "kunyumba kuli bwanji? Madzi sanalowe?"

Amalume anaima chilili. Ankakhala pamtunda, kumene madzi sangafike, ndipo a Sizasi ankadziwa zimenezo. Silinali funso lowanyoza. Ndi funso limene ankafunsa wochedwa aliyense tsiku la mvula, asanafunse china chilichonse.

"Sanalowe," anayankha amalume. "Ndangochedwa basi. Chifukwa ndilibe."

"Mawondo amenewo si chifukwa? Lowani, mukunyowa."

Tinamva ndodo ikugogoda pa simenti, kenako kiyi akubwezedwa pang'ono n'kupotozedwa, monga amalume anawaphunzitsira. Geti linatseguka. Ine ndinathamangira pa khonde, koma nditacheuka amalume anali akadali panja, chipewa chili m'manja, madzi akutsika kumaso. A Sizasi anagwirizira geti ndi phewa, ataima ndi mwendo umodzi, nawonso akunyowa, mpaka amalume analowa.