Nyumba Yoyankha Odi

Tsiku limene Towela Nyirongo anatsika minibasi yochokera ku Lusaka atakhwapatira mapepala opindapinda, anthu a pamsika wa Kafue sanavutike n'kufunsa. Nkhope yake inanena yokha kuti walephera.

Anali atatha zaka zinayi ku koleji akuphunzira kujambula mapulani a nyumba. Pa mayeso omaliza anauzidwa kuti ajambule nyumba imodzi ya tauni yakwawo, yoti ikhale laibulale komanso holo ya misonkhano. Aphunzitsi atayang'ana pulaniyo anati, "Ndi yokongola, koma adzalowemo ndani?" Anam'patsa mwayi umodzi wokha, pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Akalepheranso, zaka zonsezo zalowa m'madzi.

Bambo ake anamwalira kalekale atangochotsedwa ntchito kufakitale. Amene anam'phunzitsa ndi mayi ake, a Elina, ogulitsa nsomba zouma, omwe sankatha kulemba ndi dzina lawo lomwe. Tsopano miyendo yawo inali itatupa, ndiye pabenchi la nsomba panakhala Towela. Koma anthufe pakamwa! "Ba Injiniya, tipimileniko kapenta," ankatero odutsa, n'kuphulika chiseko. Iye ankamwetulira, mtima ukuwawa.

Sanasiye kujambula. Ankaganiza kuti vuto ndi phokoso, poti owerenga amafuna bata pamene kwaya ndi zikwati zimafuna ng'oma. Anakulitsa makoma, nasuntha zitseko, nafufuta mpaka pepala kubooka. Anajambula kanayi, ndipo kanayi konse nyumbayo inkangomuyang'ana mozizira ngati ofesi ya ku Boma.

Masana ena anayala pulaniyo pamphasa pamene mayi ake ankaothera dzuwa. A Elina anayendetsa chala pamzere, kukwera masitepe khumi ndi awiri, n'kukaima pa chitseko chagalasi.

"Nikafika apa, nizakamba odi kuli ndani?"

"Mu laibulale sibakamba odi, Amai. Mumangena chabe, zii."

"Ndiye ine sinizangena. Nyumba yamene siyankha odi ni manda, mwana wanga."

Towela anapsa mtima, tisabise. Zaka zinayi za koleji, lero akonzedwe ndi munthu wosadziwa ndi "a" yemwe? Koma mawuwo anam'kanirira. M'mawa mwake anafunsa amayi a pamsika mmodzimmodzi, ndipo sanapeze ndi mmodzi yemwe amene anapondapo mu laibulale. Wina anati, "Na fungo ya nsomba iyi? Bazatipisha." Apo m'pamene manyazi anamugwira. Anali atajambula nyumba yothamangitsa mayi ake omubereka.

Mutu umodzi susenza denga. Anakhala pansi ndi amayi aja, nayambiranso. Masitepe anachotsa. Pakati pa chipinda cha mabuku ndi holo anaikapo khonde lalikulu la mabenchi, loti phokoso la ng'oma lizithera pomwepo. Pambali anaika mpopi wosambira m'manja, ndi shelefu yotulapo dengu. Tebulo la woyang'anira mabuku analitulutsa m'katikati n'kuliika pakhomo, kuyang'ana kunjira, kuti aliyense wonena odi ayankhidwe.

Mayeso aja anakhoza. Koma uthengawo unafika patatha masabata atatu a Elina ataikidwa m'manda. Towela anawerenga kalatayo ataimirira pabenchi la nsomba lomwe lija, ndipo analibe woti amuuze.

Patapita zaka, komiti ya mipingo ndi anthu a m'dera inatenga pulaniyo. Ntchito inayenda mwa kamba, moti holo mpaka lero ilibe denga. Khonde ndi chipinda cha mabuku zokha n'zimene zinatha.

Tsiku lotsegulira, akuluakulu atamwazika, mayi wina wokalamba anaima chapatali, dengu la nsomba lili pamutu. Anayang'ana uku ndi uku, kenako ananena chapansipansi, "Odi."

Towela, amene tsikulo anali atakhala pa tebulo lija, anadzuka. Anaima pakhomo, namuyankha.

"Ngenani, Amai."

Mayiyo anatula dengu, nasamba m'manja, n'kulowa. Towela anatsala pakhomo misozi ili chuchuchu, chifukwa woyenera kulowa poyamba sanalipo.

Inu amene mwabwerako ndi mapepala olephera, anthu akukusekani panjira, sindikunamizani kuti zonse zidzabwerera. Zina zimapita osabweranso. Koma fufutani, mufunse ngakhale amene mumawayesa osadziwa kanthu, mujambulenso. Kunjaku kuli wina waima ndi dengu pamutu, akudikira khomo limene inu simunamange. Musataye mtima asanayankhidwe odi wake.